Kalata yotseguka: kuno Kum'mawa tibzale paini wathuwathu

Kwa Olemekezeka a Nduna oyang'anira zachilengedwe ndi nkhalango, a Nduna ya chigawo cha Kum'mawa, akuluakulu a Dipatimenti ya Zankhalango, akuluakulu a ZAFFICO, kampani ya minda ya mitengo, ndi a IDC, bungwe loyang'anira makampani a boma, aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo ndi makhansala. Komanso kwa eni nthaka, a Kalonga Gawa Undi, Yoo Gawa, a Nkhosi yama Nkhosi Mpezeni, Bayethe, ndi mafumu onse a chigawo chino.

Zikomo, akuluakulu. Ine ndine mmisiri wa matabwa wa muno mu Chipata. Ndimakhoma madenga, ndimapanga zitseko, mafelemu ndi madesiki, ndipo pamudzi pakagwa zovuta ndimakhomanso bokosi. Ndabwera ndi pempho limodzi: chigawo chathu chiyambe kubzala paini wochekamo matabwa, kubzala kwa chaka ndi chaka kokhala ndi woyang'anira wodziwika, pakuti pafupifupi thabwa lililonse la paini limene timakhoma kuno limachokera m'nkhalango za eni, ndipo kwa eniko mitengo yokhwima ikunka nichepa.

Funsani aliyense wogulitsa mapulanga muno m'tauni kumene katundu wake wachokera. Wina adzati ku Copperbelt, ulendo wa makilomita pafupifupi 900 kuchokera ku Ndola, kudutsa mu Lusaka, kutsetsereka pa Manenekela, kuwoloka mlatho wa Luangwa. Wina adzati anakapikula ku Buseko ku Lusaka, mzinda umene umalandiranso matabwa a ku Tanzania olowera pa Nakonde. Wina adzaloza ku Malawi, kudzera pa Mwami kapena njira za ku Lundazi. Ndalama ya dizilo, ya lole, ya zipata za msonkho pamsewu ndi ya mapepala a pamalire, yonseyo imakathera pa mayi wa ku Navutika amene akufuna mathu-bai-fo makumi awiri kuti afolere nyumba yake mvula isanagwe.

Paini si mtengo wa makolo athu. Nkhalango zathu zachilengedwe zili ndi mitengo yolimba, monga mlombwa, mbawa ndi mkusi uja ankautulutsa pa njanji ya ku Mulobezi, mitengo yokula pang'onopang'ono imene singakwanire kufolera dziko lonse. Matabwa ofewa, opepuka, olowa msomali mosavuta, kale ankachita kuitanitsa kunja. N'chifukwa chake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 boma linayamba minda ikuluikulu ya mitengo ku Copperbelt, ndipo mu 1968 World Bank inapereka ngongole yothandiza ntchitoyo, ngongole zina n'kudzatsatira pambuyo pake. Anabzala paini wa mitundu iwiri makamaka, Pinus kesiya wochokera ku Asia ndi Pinus oocarpa wochokera ku Central America, pamodzi ndi bulugamu wa mapolo a magetsi ndi wa m'migodi. Mu 1982 nthambi ya boma imene inkayendetsa mindayo inasandutsidwa kampani, ndiyo ZAFFICO. Minda yake ya ku Ndola, Chati, Ichimpe ndi Lamba inafika pa mahekitala pafupifupi 50,000, paini atatenga ngati magawo anayi mwa magawo asanu.

Amene anabzala mitengo ija anali anthu oona patali, ndipo ndimawapatsa ulemu. Kalembera wa 1969 anapeza anthu 4 miliyoni ndi pang'ono m'dziko lino, wa 1980 anapeza oposa 5.6 miliyoni. Kwa mtundu wochuluka chotero mahekitala 50,000 anali chuma chambiri. Kalembera wa 2022 wapeza anthu 19.6 miliyoni, ndipo mwa iwo oposa 2.4 miliyoni tili kuno Kum'mawa. Anthu tachuluka pafupifupi kasanu, nyumba za udzu zikusanduka za malata m'mudzi uliwonse, koma minda ya paini yangowonjezekera pang'ono pa imene inalipo zaka makumi anayi zapitazo.

Chilonda chachikulu chinabwera m'zaka za m'ma 1990. Nthawi imene makampani a boma ankagulitsidwa, ndalama zili zosowa, kubzala kunatsika kwambiri mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, koma kudula sikunaime. Makina ochekera a kampaniyo anapita m'manja mwa amalonda, ocheka ang'onoang'ono anachuluka ku Kitwe, Kalulushi ndi Ndola, aliyense akufuna zipika. Pa nthawiyo palibe amene ankadandaula, chifukwa mitengo ya m'ma 1970 inali itakhwima, ili mbwee. Koma paini amatenga zaka pafupifupi 25 kuti afike pochekedwa bwino. Munda wa mahekitala 50,000 ukamadulidwa mozungulira pa zaka 25, uyenera kubwezeredwa mahekitala 2,000 chaka chilichonse osaphonya. Mbande zimene sizinawokedwe mu 1995 ndiwo matabwa amene anasowa mu 2020. Zimene sizinawokedwe mu 2002 tidzazisowa mu 2027. Ndipo palibe ndalama, ngakhale ichuluke bwanji, imene ingasandutse mtengo wa zaka 10 kukhala wa zaka 25.

ZAFFICO inadzuka, ndipo ndikuyamikira. Inayambiranso kubzala mwamphamvu, inatsegula minda yatsopano ku Kawambwa ndi ku Shiwang'andu, ndipo mu 2020 inalowa pa msika wa masheya wa Lusaka kuti ipeze ndalama zokulitsira ntchito. Koma mitengo imeneyo ikali yaing'ono, ndipo ikadzakhwima idzayamba yakhutitsa migodi, Lusaka ndi msika wa ku Congo umene uli pakhomo pawo. Ife okhala kumapeto kwa msewu tidzalandira zotsala, titalipiranso ulendo wautali.

Chimene chinatibisira vutoli kwa zaka zambiri ndi Chikangawa. Nkhalango ija ya pa mapiri a Viphya, m'maboma a Mzimba ndi Nkhata Bay, inali ya mahekitala 53,000, yambiri ya paini wa mtundu wa Pinus patula. Anaibzala kuti idzadyetse fakitale ya mapepala, koma fakitaleyo sinamangidwe, ndipo mitengo inangokhala n'kumakula mpaka ocheka matabwa atailowerera. Panali nthawi imene malole a matabwa a ku Chikangawa ankapita ku East Africa, ku Mozambique, ku South Africa, ndipo ife a ku Chipata ndi Lundazi tinkapeza thabwa labwino pafupi, mosavuta. Tinazolowera, tinaiwala kuti si lathu. Kudula kosabwezera pamodzi ndi moto wa chaka ndi chaka zinaimaliza mwamsanga modabwitsa, moti pofika m'zaka za m'ma 2010 abale athu a ku Malawi ankalira poyera kuti gawo lalikulu la nkhalangoyo latsala zitsa. Akuyesetsa kubzalanso, koma nawonso ayenera kudikira zaka zomwe zija, ndipo ali ndi anthu awo ofuna kufolera. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Nkhalango yofanana kukula ndi minda yonse ya ZAFFICO inaphwasuka m'badwo umodzi usanathe, ife tikuona.

Zotsatira zake ife amisiri timazigwira ndi manja. Thabwa la paini wokhwima limalemera, mizere yake ndi yothinana, ukalikhoma limakhala momwemo. La masiku ano nthawi zambiri limachokera ku mtengo wanthete, lachekedwa dzulo, lakwera lole likali lonyowa. Likauma limapindika, limang'aluka pa msomali, ndipo lina limafika litachita kale mawanga a nkhungu. Mfundo zili thoo, chifukwa mtengowo sunasadzidwe nthambi uli waung'ono. Muyezo nawo ukunyentchera: chimene timagula ngati thu-bai-sikisi, ukachiyeza ndi tepi sichikwana. Ndi ochepa amene amapeza thabwa lolowetsedwa mankhwala oteteza ku chiswe ndi tizilombo toboola. Ambiri amapaka oilo wakuda wochotsa m'galimoto, amene amangokhala pamwamba osalowa m'kati. Denga likayamba kubwama patapita zaka zochepa, mwini nyumba amatukwana kalipentala, pamene cholakwa chinachitika kunkhalango thabwalo lisanachekedwe n'komwe.

Paini akakwera mtengo anthu sasiya kumanga, amatembenukira ku chimene chili pafupi. Malaina amene makolo anabzala m'mbali mwa misewu, pa masukulu ndi pa mamishoni akugwa mmodzimmodzi popanda wobwezera. Ngakhale mango akuchekedwa. Mlombwa, umene uyenera kukhala chitseko chosiyira adzukulu, ukudulidwa usanakule n'komwe. Amene ali ndi ndalama akufolera ndi zitsulo, ndipo mnyamata amene anaphunzira kugwira sowo ndi puleni akusowa pogwira. Sindikunena kuti kusowa kwa paini ndiko kwayeretsa mapiri ozungulira Chipata. Makala, nkhuni zootchera njerwa ndi fodya, ndi kutsegula minda ndizo zadya kwambiri. Koma chiwerengero chimene boma lenilenilo limatchula kawirikawiri n'chakuti dziko lino limataya mahekitala 250,000 mpaka 300,000 a nkhalango pa chaka, kutanthauza kuti chaka chimodzi chokha chimameza malo ochuluka kasanu kapena kuposa minda yonse imene tinabzala m'zaka makumi awiri. Thabwa lililonse lochokera m'munda wobzalidwa limapulumutsa mtengo wina wa m'thengo.

Ndipo kufunika kwa matabwa kukukwera chifukwa cha ntchito zabwino za boma lomweli. Ndalama ya CDF, ya chitukuko cha dera la phungu aliyense, inachoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo yakhala ikukwerabe. Maphunziro aulere adzaza makalasi. Kulikonse kukumangidwa zipinda zophunziriramo, zipatala zing'onozing'ono, nyumba za aphunzitsi, ndipo kunanenedwa kuti mwana asakhalenso pansi, madesiki apangidwe ndi amisiri a komweko. Tinakondwa. Koma desikiyo timangoikhomera kuno. Thabwa lake lachokera kutali, ndipo gawo lalikulu la ndalama imene inabwera kudzatukula Chadiza kapena Lumezi imakwera lole yomweyo n'kubwerera.

Ndikudziwa yankho limene akatswiri ena amapereka: Kum'mawa si dziko la paini, mvula ndi yochepa. Muli choonadi m'menemo. Ku Copperbelt kumagwa mvula yoposa mamilimita 1,200 pa chaka, kuno ku Chipata timalandira pafupifupi 1,000, ndipo chilimwe chathu n'chachitali. Kuchigwa cha Luangwa, ku Mambwe ndi kumunsi kwa Nyimba, kotentha ndi kotsika, munthu asataye mphamvu zake ndi paini. Pinus patula wa ku Viphya amafuna malo okwera ndi ozizira kuposa athu. Koma mtunda wa kufupi ndi malire, kuyambira ku Vubwi ndi Chadiza, kudzera ku Chipata mpaka ku Lundazi, uli pamwamba pa mamita 1,000, ndipo kesiya ndi oocarpa ndi mitundu yopirira chilimwe. Kutsidya kwa malire, ku Dzalanyama ndi ku Dedza, paini amamera ndipo amachekedwa. Kuno komwe alipo paini m'timinda ting'onoting'ono ta Dipatimenti ya Zankhalango ndi pa mamishoni ena, amene wakula popanda womusamala kwenikweni. Angakule mochedwerapo kusiyana ndi wa ku Chati, koma sadzayenda makilomita 900. Chimene ndikupempha kwa ofufuza za mitengo a ku Kitwe, a ku koleji ya Mwekera ndi a ku Copperbelt University n'chakuti abwere ayeze mitengo imene ilipoyi, aone nthaka, atiuze momveka kuti dera lakuti bzalani mtundu wakuti, dera lakuti musayese. Ku Msekera kunachitika kafukufuku wa mitengo yobwezera chonde m'nthaka amene anatchuka mpaka kunja, ndipo lero gliricidia ali m'minda ya alimi ambirimbiri. Luso lomwelo ligwirenso pa mitengo ya matabwa.

Sindikupempha kuti mudule nkhalango yachilengedwe kuti mubzalepo paini. Zimenezo ndingazikane ndine woyamba. M'nkhalango imeneyo ndimo muli bowa, masuku, uchi, mphalabungu ndi mankhwala, ndimo mumachokera mitsinje. Malo oguga, zitunda zimene zinasiyidwa chifukwa chimanga chinakana, m'mphepete mwa mapiri amene anametedwa kale, amenewo ndiwo akudikira mitengo. Kumadambo ndi kumagwero a madzi kusapite paini kapena bulugamu.

Sindikuganizanso kuti njira yathu ndi munda umodzi waukulu wa kampani, wolanda midzi malo. Kuno anthu ndi othinana. Chitsanzo choyenera ife chili kumapiri a kum'mwera kwa Tanzania, ku Mafinga, Njombe ndi Makete. Kumeneko kuli munda waukulu wa boma wa Sao Hill, koma matabwa ambiri amachokeranso kwa alimi wamba, aliyense ndi kamunda kake ka paini pambali pa chimanga ndi mbatata. Mlimi wa kumeneko amabzala mwana akabadwa, podziwa kuti fizi ya ku koleji idzachokera m'menemo. Ena mwa matabwa amene timagula ku Lusaka ndi a alimi oterowo. Tiwerengere pamodzi: lima imodzi, ukabzala motalikitsa mamita atatu mbali zonse, imalowa mbande pafupifupi 280. Mabanja 4,000 atabzala lima imodzi-imodzi, amenewo ndi mahekitala 1,000 pa chaka. M'chigawo cha anthu oposa 2.4 miliyoni, mabanja 4,000 si ambiri. Zaka ziwiri zoyamba mlimi angathe kulima nyemba, soya kapena nsawa pakati pa mizere, akupalirira mbewu ndi mitengo nthawi imodzi. Pakapita zaka amapatulira, n'kugulitsa timitengo tochotsedwato ngati milimo ndi nkhuni. Akaphatikizapo bulugamu pang'ono, amene amapereka mapolo a zigafa ndi phaso m'zaka zochepa, kudikira kwa paini kumapepukako.

Koma mlimi sangabzale chinthu cha zaka 25 pa malo amene sakudziwa ngati adzakhalapo. Apa ndagwada kwa inu eni nthaka. Mkamwini amene akukhala kwa mkazi wake amadzifunsa kuti, banja likatha kapena mkazi akatisiya, mitengoyi idzakhala ya yani? Mayi wokwatiwa kwa Angoni amadzifunsa chimodzimodzi za tsiku limene mwamuna adzamwalire. Mafunso amenewa ndi amene amaletsa khasu kukumba dzenje. M'madera ena a Chipata ndi Petauke mafumu anayamba kale kupereka zikalata za malo a m'midzi. Ndikupempha kuti pa zikalata zotero, kapena m'buku la nyakwawa, muzilembedwanso mitengo: anabzala ndani, chaka chiti, ndipo wolowa m'malo mwake ndani. Munthu achoke pamudzi ngati mwambo watero, koma thukuta lake lisafere pomwepo.

Chachiwiri kwa inu mafumu ndi moto ndi ziweto. Paini amaopa moto kuposa chilichonse. Masamba ake ouma amayala pansi, utomoni wake umayaka msanga, ndipo mnyamata mmodzi wosaka mbewa mu Ogasiti angathe kupsereza ntchito ya zaka khumi dzuwa lisanapendeke. Anthu akakolola, ng'ombe ndi mbuzi zimatayiridwa, n'kumaponda ndi kubudula mbande. M'zaka za m'ma 1990 mipando yanu iwiri yaikulu inakhazikitsa malamulo oletsa kutentha tchire mwachisawawa ndi kutayirira ziweto, pofuna kuteteza minda ya mitengo ya chonde. Malamulo amenewo adzutsidwe, anenedwenso pa Kulamba ku Mkaika ndi pa Nc'wala ku Mtenguleni pamene mtundu wonse uli pamodzi, ndipo nyakwawa iliyonse idziwe kuti kulambula njira zotchinga moto mu Meyi ndi Juni ndi ntchito ya mudzi, monga kulambula kumanda. Mawu a mfumu amafika pamene galimoto ya boma sifika.

Kwa inu a Dipatimenti ya Zankhalango, pempho langa layambira pa mbewu. Mlimi akatola njere pansi pa paini aliyense wokhota, adzadziwa kulakwa kwake patapita zaka 15, nthawi itatha kale. Pafunika mbewu yosankhidwa, yochokera ku mitengo yowongoka, yofika ku nazale za m'maboma pa nthawi yake. Pali kanthu kenanso kamene ambiri oyesa okha sadziwa: mbande ya paini simakula bwino popanda kabowa kena kamene kamakhala ku mizu yake, ndipo n'chifukwa chake odziwa amasakaniza dothi la m'machubu ndi dothi lotapa pansi pa paini wakale. Popanda zimenezo mbande zimachita chikasu, zimapinimbira, munthu n'kugwa ulesi n'kumauza anzake kuti paini kuno sachita. Nzeru zotere, pamodzi ndi kusadza nthambi ndi kupatulira, zimafuna mlangizi woyenda m'midzi, wokhala ndi njinga yamoto ndi mafuta. Alangizi a zaulimi ali kale m'makampu. Aphunzitseni nawonso za mitengo ya matabwa.

Lamulo la Zankhalango la 2015 limalola munthu kulembetsa nkhalango yakeyake, ndipo malamulo a 2018 anatsegula njira yakuti midzi iziyang'anira nkhalango zawo. N'zabwino, koma anthu ambiri kumudzi sanazimvepo. Chimene amadziwa n'chakuti ukanyamula matabwa pamsewu umafunsidwa chilolezo, ndipo amaopa kuti mtengo wobzala okha udzawavutitsa ngati kuti aba mukula. Kukhwimitsa malamulo pa mukula ndi mlombwa n'koyenera. Koma paini sangamere yekha m'thengo la kuno. Aliyense womuona amadziwa kuti anachita kubzalidwa. Wolembetsa munda wake apatsidwe pepala limodzi losavuta, lotengera ku ofesi ya boma lake lomwelo, lomulola kudula, kucheka ndi kunyamula. Mlimi akadziwa lero kuti podzagulitsa sadzavutika, adzabzala.

Ntchito yosamalira nkhalango ndi nthaka ya ZIFLP, imene World Bank inathandiza kuno Kum'mawa ndi ndalama zoposa madola 30 miliyoni, inasiya magulu a m'midzi oyang'anira nkhalango ndi anthu ophunzitsidwa. Tsopano kukukambidwa za ndalama za kaboni, zolipira anthu chifukwa chosunga mitengo. Magulu amenewa asangokhala alonda a mitengo yoletsedwa kudula. Apatseni gawo la mitengo yobzala kuti adzadule ndi kugulitsa, pakuti mudzi umene uli ndi matabwa akeake ogulitsa suvuta kuuza kuti usiye phiri.

Kwa inu a ZAFFICO ndi a IDC: ndinu kampani ya mtundu wonse, ndipo luso la paini m'dziko lino lili m'manja mwanu. Bwerani ndi nazale yaikulu ndi munda wachitsanzo kuno, pa malo amene mafumu ndi anthu avomereza poyera, kuti alimi aone ndi maso momwe munda wosamalidwa umaonekera pa zaka zitatu, zisanu, khumi. Pangani mgwirizano wolembedwa ndi alimi ozungulira, wonena kuti mudzawagula zipika ndi momwe mtengo wake udzapezekere. Popanda wogula wodalirika, mlimi akapanikizika ndi fizi kapena matenda adzagulitsa mitengo ya zaka 8 kwa vendala pa mtengo wa nkhuni, ndipo tidzabwerera ku matabwa anthete omwe aja. Muganizirenso za macheka. Makina ambiri ang'onoang'ono a sowo yozungulira amatulutsa matabwa osakwana theka la chipika, chotsalacho n'kukhala utuchi ndi zipapati. Sowo ya lamba yopyapyala imapulumutsa zambiri. Thandizani ocheka kupeza makina otero, ndipo kuno kukhale malo oumitsira matabwa ndi olowetsera mankhwala, kuti denga la sukulu lizikhala zaka makumi angapo chiswe chisanalilawe.

Aphungu athu ndi makhansala, m'manja mwanu muli CDF. Sukulu iliyonse imene mukumanga ili ndi malo kuseri. Ikani m'ndondomeko kuti pomanga chipinda chatsopano pabzalidwenso lima ya mitengo ya matabwa, yokhala ndi mpanda ndi munthu wolipidwa kuisamala zaka zitatu zoyamba, ndipo magulu a achinyamata ndi amayi amene amalandira ndalama zoyambira ntchito athandizidwe kutsegula nazale zogulitsa mbande. Ndikudziwa kuti mpando wanu ndi wa zaka zisanu ndipo paini ndi wa zaka 25. Amene anabzala ku Ichimpe ambiri sanakhalepo pamene mitengo yawo inkachekedwa, komabe madenga a Lusaka yense akhala pa ntchito yawo.

Chaka chilichonse pa 15 Disembala timayamba mwezi wobzala mitengo. Akuluakulu amabwera, amawoka mbande, amathirira, ndipo timamva kuti zabzalidwa zikwi zakuti. Ndikupempha kuti kuwerenga kusinthe. Pa tsikulo a Nduna ya chigawo azitiuza, boma ndi boma, mahekitala a mitengo ya matabwa amene anabzalidwa zaka zitatu zapitazo ndipo akali moyo, amene anapsa, ndi amene adzakhwime m'zaka zisanu zikubwerazo. Unduna woyang'anira nkhalango nawo uzisindikiza chaka ndi chaka, m'zilankhulo zathu ndi pa wailesi za m'madera, kuchuluka kwa paini amene wadulidwa m'dziko lonse, amene wabzalidwa, misinkhu ya mitengo imene ilipo, ndi matabwa amene alowa pa Mwami ndi pa Nakonde. Ziwerengero zotere zikanamanenedwa poyera mu 1995, anthu akanafunsa msanga, ndipo mpata uja sukanakula chotero.

Mbande ya paini imakhala ku nazale miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi isanapite kumunda. Kuti iwokedwe ndi mvula ya mu Disembala, njere iyenera kufesedwa cha mu Juni kapena Julayi, ndipo mbewu, machubu ndi ndalama ya ogwira ntchito ziyenera kukhala zitafika m'maboma nthawi imeneyo isanakwane. Ndikupempha a Nduna ya chigawo kuti aitanitse msonkhano muno mu Chipata miyezi imeneyo isanafike, wokhala ndi a zankhalango, a ZAFFICO, nthumwi za mafumu, alimi, ocheka ndi ife amisiri, kuti tigwirizane maboma oyambira, mtundu wobzala, ndi dzina la ofesi imene idzayankhe ngati mbewu yachedwa. Ife a sowo ndi hamala tidzabwera ndi matabwa amene tikugula masiku ano kuti mudzawagwire nokha.

Ine wanu mwaulemu,
Mmisiri wa matabwa, Chipata